Achemwali Akakhale ku Lilongwe Kapena ku Mzuzu

Kwathu kwa Nchema, m'boma la Chiradzulu, mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Amamanga nyumba pamalo a akuchikazi, amalima munda wa akuchikazi, ndipo banja likatha amanyamula bulangete lake n'kubwerera kwao, mkazi ndi ana n'kutsala pakhomo. Akafuna kuchoka naye mkaziyo kukakhala kwina, ayenera kupempha chitengwa kwa atsibweni ake a mkazi, omwe ndiwo eni mbumba. Ulendo wautali kuposa maulendo onse amene ndinayendapo unabadwa m'pempho lotere.

Alamu anga a Sitefano, amuna a achemwali anga a Agnesi, ndi makaniko pa kampani ina yonyamula katundu. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito ku Limbe, ndipo Loweruka lililonse madzulo tinkawaona akutsika pakabaza atanyamula buledi wa ana. Kenaka kampaniyo inatseka galaja yake ya ku Limbe n'kuwauza kuti asankhe pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu. Podikira kuti asankhe, inawatumiza ku Mzuzu. Miyezi inapita. Atabwera kamodzi pa Pasaka, mwana wao wamng'ono anawathawa n'kukabisala kuseri kwa khola. Kuchitsime anthu anayamba kunena kuti mwamuna wokhala yekha m'tauni sakhala yekha nthawi yaitali, ndipo achemwali, omwe amasoka zovala pakhonde, ankamva zonsezo pakamwa pa anthu odzasoketsa. Pomaliza alamu anatumiza ankhoswe ao kudzapempha chitengwa. Mawu amene ankhoswewo anasiya anali omveka bwino: mkazi akapanda kutsata mwamuna wake chaka chimenecho, iwo sakanalonjeza kanthu za banjalo.

Atsibweni athu a Dominiko ndi mlimi wa tomato ndi kabichi kudimba. Ndi munthu wa nthabwala, koma pa nkhani ya ana a mlongo wao saseka. Pa moyo wao wonse anali asanapitirirepo Zomba ndi Blantyre.

"Sindikukana," anauza ankhoswe aja. "Koma sindingapereke mwana kumalo kumene ndimangomva pa wailesi. Ndikaone ndi maso anga konse kuwiri. Filipo amaphunzira ku Lilongwe, atitsogolere. Sukulu yakeyo igwireko ntchito."

Filipo ndine. Ndinali pa tchuthi m'nyengo ya chisanu, ndipo ndinavomera. Ana anatsala ndi amayi, ife atatu n'kunyamuka m'mamawa pa njinga zamoto ziwiri kupita pa Njuli. Achemwali ananyamula kathumba ka ufa ndi jumbo yaikulu ya nandolo wamuwisi, chifukwa alamu ankadandaula pafoni kuti kumpoto samuona. Atsibweni anavala malaya oyera a ku tchalitchi. Nditawauza kuti atenge jekete, anandifunsa ngati tikupita ku Ulaya.

Pa Njuli minibasi yoyamba inatikana chifukwa cha katundu. Yachiwiri inatitenga, koma kondakitala anafuna kuti jumbo ya nandolo ilipiridwe ngati munthu. Atsibweni anati ngati ndi munthu aipatse mpando wake. Kondakitala anaseka, jumboyo n'kuyenda ulere pamiyendo panga. Ku Limbe tinasintha minibasi kupita ku Wenela. Tili m'njira atsibweni ankayang'ana nyumba zokwera m'mapiri.

"Mzinda uwu ndiwo unali wathu," anatero. "Maliro akachitika m'mawa, masana wafika. Akanangowasiya konkuno a Sitefano, bwenzi ine ndili kudimba."

Ku Wenela tinasankha basi imene inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza. Mtengo unali utakwera poyerekeza ndi umene ndinalipira pobwera kutchuthi, ndipo kondakitala anati tikafunse amene amakweza mafuta. Atsibweni anakhala pafupi ndi bambo wina wovala chipewa, amene anati akupita ku Dedza. Anamufotokozera zonse za mbozi zimene zinawononga tomato chaka chatha, bamboyo akuvomereza ndi mutu. Anthu ena atakwera, bambo uja anaimirira n'kupereka mpando wake kwa mayi wa mwana, kenaka anatsika.

"Achimwene, nanga ku Dedza kuja?" anafunsa atsibweni kudzera pawindo.

"Ine ndimagwira ntchito pompano, mdala. Yendani bwino."

Ndinawafotokozera kuti eni mabasi amalemba anthu oti azikhala m'mipando kuti basi izioneka yodzaza. Atsibweni anayang'ana anthu otsala m'basimo mmodzimmodzi. Pamene tinkanyamuka dzuwa linali litakwera, ndipo mlaliki wina wa m'basimo amene anayamba ndi buku la Yona anali atafika pa chopereka.

Tinadutsa Lunzu ndi Lirangwe popanda vuto. Pa Zalewa apolisi anatitsitsa tonse, anabaya kathumba ka ufa ndi chala, n'kutilola kukwera. Titangopitirira Phalula, m'basi munayamba kununkha ngati labala yopsa, ndipo dalaivala anaimika pambali pa msewu. Lamba wa injini anali ataduka. Kondakitala anaimbira munthu wa ku Balaka, n'kutiuza kuti lamba wina afika posachedwa. Pamalopo panalibe sitolo ngakhale nyumba pafupi, koma mtengo umodzi wa mlambe ndi timitengo ta minga. Anthu tinagawana mthunzi umene unalipo.

Achemwali atatsegula jumbo anapeza kuti nandolo wachita thukuta. Anayala chitenje pansi n'kuyamba kumusenda kuti asawole. Posakhalitsa panabwera mayi wina wonenepa, wogulitsa kaunjika, amene anati tiziwatcha mai a Yami. Anakhala pansi n'kuyamba kuthandiza osafunsa. Kenaka panabwera bambo wina womanga nyumba, amene ankabwerera kuntchito ku Lilongwe. Iyeyu ankasenda pang'ono, kudya kwambiri. Atamva chimene tinkayendera, nkhani inakula.

"Musavutike n'kupita kumpoto," anatero womanga nyumba uja. "Ndalama ili ku Lilongwe. Kulikonse kumene mungayang'ane, munthu akumanga mpanda. Ku Blantyre anamaliza kumanga kalekale, panopa akungopaka penti."

"Ndalama ya ku Lilongwe imathera m'minibasi," anatero mai a Yami. "Ine ndakhalako konse kutatu. Ku Lilongwe uchoke kunyumba kupita m'tauni, uchoke m'tauni kupita kumene ukufunako, pofika madzulo watsala ndi fumbi m'mphuno."

"Nanga ku Mzuzu? Zovala kuyanika Lolemba, kuuma Lachinayi," anatero womanga nyumba uja.

"Koma mwana sagona ndi njala. Nthochi, mbatata, chinangwa, zonse zili pakhomo. Ndipo ukaiwala beseni panja umalipeza."

"Umalipeza chifukwa wakubayo akuopa kuzizira."

Anthu anaseka. Mnyamata wina wa ku Ndirande anayesa kuteteza Blantyre, koma mai a Yami anamufunsa kuti kwao madzi anatuluka liti pampopi. Womanga nyumba anatchula chipatala chachikulu ndi misika ya ku Lilongwe. Mai a Yami anati ku Mzuzu munthu amayenda pansi kuchoka kunyumba kukafika pakati pa tauni. Aliyense ankayamikira mzinda umene unamupatsa chakudya, ndipo ine ndinaona kuti tikanatha kukhala pansi pa mlambewo mpaka mawa popanda wogonja.

Atsibweni anamvetsera zonse akutafuna kaudzu. Kenaka analavula kaudzuko.

"Zonsezo ndamva," anatero. "Koma ndifunseko. M'nyumba ya lendi, mwamuna ndi mkazi akayambana, amatuluka ndani?"

Womanga nyumba anaseka, koma mai a Yami sanaseke.

"Amatuluka amene mwini nyumba samudziwa," anayankha. "Ine ndinkakhala ku Kawale ndi bambo a ana anga. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza mapoto ndi zovala za ana zili panja, chitseko chili ndi loko watsopano. Ndinapita kwa mwini nyumba. Anati iye amadziwa abambo. Kwathu ku Thyolo akanatuluka ndi iyeyo, thumba kumutu. Koma kumeneko ndinagona kwa mnzanga wa kumpingo, ine ndi ana atatu pamphasa imodzi."

Achemwali sanakweze mutu. "A Sitefano si otero," anatero.

"Wanganso sanali wotero, mwana wanga. Anaphunzira komweko."

Munthu wa ku Balaka anafika panjinga yamoto ndi lamba amene anapezeka kuti ndi wamfupi. Anabwerera. Pamene ankafika ndi woyenera, nandolo yense anali atasendedwa, mthunzi wa mlambe utasunthira tsidya lina la msewu, ife tikuutsatira. Tinanyamukanso aliyense ali ndi ludzu.

Pa Ntcheu tinagula mbatata yokazinga. Pa Lizulu atsibweni anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kufunsa ogulitsa kabichi kuti amathira feteleza wanji, mpaka kondakitala anawapempha kuti agule kapena alowetse mutu. Nditawauza kuti msewu umenewu ndiwo malire, ndipo kuti nyumba za kumanzere zili ku Mozambique, anapempha dalaivala kuti adikire. Anawoloka msewu, anakataya madzi kuseri kwa tchire, n'kubwerera akumwetulira. Anati tsopano akafika kumudzi akauza anthu kuti anapitako kunja kwa dziko.

Tinalowa mu Lilongwe dzuwa likulowa, ndipo tinagona kwa mnzanga wa kukoleji ku Biwi. Nandolo uja achemwali anamuphika pomwepo poopa kuti awonongeka. Alamu sanamulawe.

M'mawa tinapita ku Chinsapo, kumene mnzao wa alamu wa kuntchito anali atapeza nyumba. Inali imodzi mwa nyumba za mdadada zozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Mabanja onse a mumpandamo ankatunga pampopi umodzi ndi kusamba m'bafa limodzi. Nyumbayo inali yabwino, ya simenti pansi, yokhala ndi magetsi. Mwini wake anali mayi wachikulire wovala magalasi, amene anatilandira ataimirira, makiyi ali m'manja. Atsibweni anagogoda makoma, anayang'ana denga, kenaka anafunsa funso lao lija.

"Ine sindilowerera za m'banja, bambo," anayankha mayiyo. "Amene wandipatsa lendi ndiye ndimamudziwa. Ngakhale mbuzi itabweretsa lendi, ndiipatsa kiyi."

Achemwali anaima pakhonde. Khondelo linayang'anizana ndi mpanda, ndipo kuchokera pamenepo munthu sakanaona aliyense wodutsa mumsewu. Anafunsa ngati angaike makina ao osokera panja pa geti. Mayiyo anati panja pa geti si pake, akafunse a khonsolo. Pobwerera kokakwera minibasi, achemwali anandisonyeza ndi mlomo matelala amene anali pafupifupi pakhonde lililonse la sitolo, ena atangokhala, manja ali m'thumba.

Komabe atsibweni anaukonda Lilongwe. Anthu ankalankhula chinenero chimene iwo ankamva, ngakhale ankawaseka akanena kuti akulankhula Chinyanja. Msika waukulu unawazunguza mutu, ndipo achemwali anavomereza kuti nsalu zinali zotsika mtengo kuposa ku Limbe. Ine ndinali komweko, ndipo ndikanamawaona Lamlungu lililonse. Koposa zonse, munthu akananyamuka m'mawa n'kukagona kwa Nchema.

"Kunoko ndiye bola," anatero atsibweni tikudya madzulo. "Anthu a kuno chikamwini amachidziwa. Kumpotoko tingopita chifukwa tinalonjeza."

"Tikaone kaye, atsibweni," anatero achemwali.

Tsiku lotsatira tinalawirira kudepoti. Basi ya ku Mzuzu inadzaza msanga, koma inakakamira mumzere wa magalimoto kuyambira pa mlatho wa Lilongwe. Tinayenda pang'onopang'ono ngati tikuperekeza maliro. Titafika ku Kanengo ndinasonyeza achemwali dera limene kuli galaja ya kampani ya alamu. Anandifunsa kuti kuchokera ku Chinsapo munthu angakwere minibasi zingati, ndipo ndinati ziwiri, mwina zitatu.

"Ndiye kuti azichoka ana asanadzuke, azibwera ana atagona," anatero. "Tizionana Lamlungu, monga momwe zinalili ali ku Limbe. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndidzakhala ndilibe amayi pafupi."



Pa Mponela ndi pa Madisi tinangotsitsa ndi kukweza anthu. Pa Kasungu dalaivala analowa pamalo omwetsera mafuta n'kuzimitsa injini. Kutsogolo kwathu kunali mzere wa malole ndi zigubu. Kondakitala anati dizilo alipo, koma magetsi azima, ndipo munthu wodziwa kuliza jenereta wapita kukadya. Tinatsika. Tinagula chimanga chootcha, tinachimaliza, tinagula china. Bambo wina amene ananyamula anapiye m'katoni anawatulutsa kuti apume mpweya, mmodzi n'kuthawira pansi pa basi, ndipo anthu akuluakulu ovala bwino anagwada m'fumbi kumusaka. Atsibweni ndiwo anamugwira. Munthu wa jenereta atabwera, tinadikiranso malole onse aja.

Titapitirira Nkhamenya, chilankhulo cha anthu okwera chinayamba kusintha. Pa Jenda atsibweni anagula nthochi kwa mtsikana amene anawauza kuti "tawonga," iwo n'kundifunsa ngati akufuna ndalama yowonjezera. Ndinati akuthokoza. Kuchokera pamenepo msewu unayamba kukwera, ndipo tikulowa m'Chikangawa chifunga chinatiphimba. Mphepo inkalowa pa windo lina losatsekeka. Atsibweni anapirira kwa kanthawi, manja ali m'khwapa, kenaka anapempha chitenje cha achemwali n'kudzifunditsa mpaka kumutu. Za jekete sindinanene kanthu.

"Agnesi," anatero ali m'chitenjemo. "Msewu uwu ukuuona?"

"Ndikuuona."

"Amako akadzadwala usiku, foni idzakupeza msanga. Koma iwe pofika udzapeza anthu atabwerako kumanda."

"Ndikudziwa, atsibweni."

Tinafika ku Mzuzu kusanade. Alamu ankatidikira kudepoti atavala majekete awiri. Anali ataonda. Anagwada pang'ono popereka moni kwa atsibweni, anavula jekete imodzi n'kuwapatsa, ndipo atsibweni analandira mosakangana. Achemwali ndi alamu anapatsana moni ngati anthu odziwana kutchalitchi, koma alamu ananyamula kathumba ka ufa ndi manja onse awiri mpaka kunyumba.

Ankakhala m'chipinda chimodzi ku Mchengautuwa, pakhomo pa a Mhango, mphunzitsi wopuma pantchito. Pambali pa nyumba yaikulu panali nyumba ina ya zipinda ziwiri imene anthu anali atangotulukamo. M'mawa tinaiona bwino. Simenti ya pansi inali yosweka m'malo ena, ndipo njira yofikira pakhomopo inali yoterera. Koma khonde lake linayang'ana njira imene ana ankadutsa popita kusukulu ndi amayi popita kumsika, ndipo kuseri kunali kamunda kokwana mizere ingapo. Galaja ya alamu inali pafupi moti masana ankabwera kudzadya. Achemwali anakhala pakhondepo nthawi yaitali akuyang'ana mayunifolomu a ana odutsa.

Kenaka a Mhango anatiitanira m'nyumba mwao. Akazi ao anabweretsa tiyi ndi chinangwa chophika. Ife amuna tinakhala pamipando, achemwali pamkeka pafupi ndi chitseko. A Mhango ankalankhula Chichewa chosamala, cha munthu amene anachiphunzitsapo m'kalasi.

"A Sitefano alibe mbale kuno," anayamba motero, "choncho ine ndaima ngati bambo wao. Adada, munthu wamkulu ngati inu sayenda mtunda wonsewu kudzaona makoma. Tikudziwa chimene mwadzera, ndipo mwachita bwino. Tchulani ng'ombe. Mwanayu alibe khola, koma ali pantchito. Tidzapereka pang'onopang'ono."

Atsibweni anaika kapu pansi.

"Ng'ombe za chiyani?"

"Za malowolo. Kuti mayiwa akhale pano mwaulemu, ndiponso kuti ana adziwike kwao."

"Ana akudziwika kale kwao. Kwao ndi kwa Nchema." Anatembenukira kwa alamu. "A Sitefano, zimenezi munapangana?"

Alamu ankapotokola chipewa m'manja. "Anandiuza kuti ndi ulemu, atsibweni. Ndinaganiza kuti mwina mukuchedwa kuyankha chifukwa ankhoswe anga anabwera chimanjamanja."

"Inu munabadwira kuti? Atsibweni anu analandira ng'ombe zingati pa amayi anu?"

"Sanalandire."

"Ndiye mwakhala kuno miyezi yochepa chabe, mwayamba kale kugula anthu."

"Si kugula, adada," anatero a Mhango mofatsa. "Kwathu kuno mkazi wolowoledwa sapirikitsidwa ngati nkhuku. Ali ndi malo ake mpaka imfa. Mwamuna akamuzunza, abale a mwamunayo ndiwo amayamba kumudzudzula. N'chifukwa chake ndinawalangiza motero. Sindinafune kuti mwana wanu akhale pakhomo panga ngati wongotoledwa."

"Ndamva, ndipo sindikunyoza mwambo wanu. Kwa eni kulibe mkuwe. Koma ndiuzeni, ng'ombezo zikaperekedwa, ana amakhala a yani?"

"A bambo."

"Ndiye mwandiyankha." Atsibweni anaimirira n'kuyamba kuvula jekete ya alamu. "Filipo, kafunse nthawi imene basi yobwerera imanyamuka. Agnesi, tenga chikwama chako."

Ine ndinaimirira, chifukwa sindinadziwe china chochita. Ndinadziwa kuti tikatuluka pakhomopo atatu, ankhoswe sadzabweranso kwathu.

"Atsibweni, khalani pansi ndilankhuleko," anatero achemwali ali pamkeka pomwepo. "Nonse mwalankhula za ine kuyambira pa Njuli."

Atsibweni sanakhale, koma anasiya kuvula jekete.

"Ku Lilongwe ndakuona. Nkwabwino, nkufupi ndi kwathu, koma kumeneko ndikakhala kuseri kwa mpanda, makina ali m'nyumba, ana akuona bambo ao ngati mlendo. Ngati n'choncho kuli bwino nditsale kwa amayi. Kuno nkutali, ndipo msewu uja sindinauiwale. Koma kuno ana azidya masana ndi bambo ao. Ine ndasankha kuno." Anatembenukira kwa a Mhango. "Bambo, zikomo pondifunira ulemu. Ng'ombe ayi. Koma ndili ndi pempho. Nyumba ija mubwereke ine, osati iwowa. Lendi izidzera m'manja mwanga, kaya yachokera m'thumba mwao kaya pa makina anga. Mukakhala ndi dandaulo la phokoso kapena la zinyalala, muzidzagogoda kwa ine."

A Mhango anavula magalasi. "Nanga abambo?"

"Abambo azikhala kwa mkazi wao, monga akhalira zaka zonsezi."

"A Sitefano, mukumva zimene akunenazi? Anzanu kugalaja akamva adzakusekani."

"Adada, ine ndakhala mkamwini kuyambira tsiku la ukwati," anatero alamu. "Denga silinandigwerepo. Aseke, bola ana abwere."

A Mhango anayang'ana akazi ao, omwe anali ataima pakhomo la kukhitchini. Mayiwo ananena mawu ochepa m'Chitumbuka, ndipo a Mhango anaseka mpaka kutsokomola.

"Akuti pa anthu onse amene akhala m'nyumba imeneyo, amene anatithawa usiku anali amuna okhaokha," anamasulira. "Chabwino. Sindinazionepo, koma sindikuona tchimo lake. Amama, bweretsani kiyi."

Mayi Mhango anabweretsa kiyi womangidwa pa kansalu, anadutsa mipando yathu yonse, n'kugwada pamkeka kumupereka kwa achemwali.

Atsibweni anakhala pansi. Anamwa tiyi wao amene anali atazizira, anadya chinangwa, n'kufunsa a Mhango ngati kabichi amachita bwino m'dothi la kumeneko. Kenaka ananena zofuna zao: munda wa achemwali kumudzi ukhalabe wao, iwo ndi amayi aziulima, ndipo ana azibwera kwao tchuthi chachikulu chilichonse kuti asaiwale manda a makolo ao. Alamu anavomera zonse. Titatuluka panja, anayandikira atsibweni chipewa chili m'manja.

"Ndiye ndikauze ankhoswe kuti chitengwa mwapereka?"

"Chitengwa chanji? Ine sindinapereke kanthu. Agnesi wasamuka, inu mwamutsatira. Kabwerekeni khasu kwa a Mhango. Kuseri kwa nyumba ya mkazi wanu kuli thengo."

Achemwali anatsala masiku angapo kuti akolope nyumba ndi kukaonana ndi aphunzitsi kuti ana apeze malo kusukulu, asanabwere kudzatenga makina ndi anawo. Pobwerera tinali awiri. Basi sinawonongeke, mafuta anapezeka, ndipo atsibweni anakhala mpando wa kumbali. Anayang'ana pawindo kuyambira m'Chikangawa mpaka Kasungu, ngati munthu amene akuyeza munda ndi maso. Tinagonanso ku Biwi, ndipo tsiku lotsatira madzulo tinatsika pa Njuli.

Anyamata a kabaza atatizungulira, atsibweni anawauza kuti adikire. Anaima pambali pa msewu akuyang'ana njira ya kwathu, kumene amayi ankatidikira ndi zidzukulu zao.

"Filipo," anatero, "tikafika uyambe ndiwe kulankhula. Uwauze amako kuti nyumba ndi ya Agnesi, kiyi ali naye, ndipo khonde layang'ana kunjira. Ufotokoze bwinobwino, monga umachitira muja. Za kutalika kwake usanene. Zimenezo ndikanena ndekha, akamaliza kudya."